Alendi a m'galasi langa

Kuno ku Cuamba nsomba timaidziwira m'mbale. Yochokera kunyanja ya Amaramba kapena ya Chiuta imafika yowamba kale, ndipo palibe amaifunsa dzina. Koma ine nditamva kuti azungu ku Ulaya amagula mbuna za m'nyanja yathu yaikulu kuti azingoziyang'ana, ndinati nanenso ndilawe ubwana. Ndinaika bokosi lagalasi pabalaza, matemba amoyo m'kati, ndi udzu wa m'madzi umene ndinazula kudambo ulere.

Udzuwo unabwera ndi abale ake. Sabata isanathe ndinali mwini nyumba wa alendi ambirimbiri, wolipira ngakhale metikali imodzi palibe. Tsopano madzulo anzanga akakhala pabawo, ine ndimagwada pagalasi ndi tochi ya foni, kuchita kalembera.

Oyamba kuwazindikira anali mphutsi za udzudzu. Izi zimadziulula ndi kagonedwe. Yogona chopingasa pamwamba penipeni pa madzi ndi mwana wa Anopheles, mwini malungo. Yolendewera mutu pansi ndi ya Culex, woimba m'khutu usiku uja. Matemba sasankha, amameza zonse, ndipo apa pokha ndi pamene ziweto zanga zimagwira ntchito.

Nkhono ndizo zinandiumitsa pakamwa. Ukagwira kankhono nsonga kumwamba, kukamwa kwa chigoba kutayang'ana iwe, n'kuona kuti kwatsegukira kumanzere, uyambe kukayika: Bulinus, wosunga tizilombo ta likodzo, amatero. Pali nkhono zina zosalakwa zotsegukiranso kumanzere, koma ine si woweruza milandu. Kuyambira tsikulo dzanja langa sililowa m'madzimo, ndimavuula ndi chipande.

"Abambo, chipande changa chomwecho?" anafunsa mayi a kunyumba. Ndinawafotokozera za sayansi. Anandifotokozera za mtengo wa chipande kumsika.

Pali kanyongolotsi kena kaphwatalala, mutu wosongoka, timaso tiwiri topenyana. Ophunzira amati planaria. Ndinakadula pakati kuti ena atengerepo phunziro, koma kameneka ukakadula, chidutswa chilichonse chimamera mbali yosowayo. Mlendi wanga mmodzi anasanduka awiri, ine ndemwe nditathandiza.

Woopsa ndi uja sayendayenda. Wofiirira, miyendo isanu ndi umodzi, phee pansi pa tsamba: mwana wa tombolombo. Ali ndi mlomo wopinda umene amauponya kutsogolo n'kugwira kansomba kodutsa. Matemba aang'ono anayamba kuchepa, ine n'kumakayikira mphaka wa aneba, mpaka tinasiya kupatsana moni.

Dzulo apongozi anafika kuchokera ku Mandimba. Anayang'ana galasi nthawi yaitali, anawerenga matemba otsala ndi chala, kenako anatembenukira mwana wawo.

"Mwanawe, amuna akowa ndiwo zatha amasungabe nsuzi?"