Kamera yanga imayamba yaganiza kaye

Ojambula akale a filimu ankadya bwino. Ankakujambulani, kulandira ya chikole, n'kukuuzani kuti mudzabwere sabata yamawa zithunzi zikatsukidwa. Mukadzapezeka kuti munatsinzina, ankati ndi dzuwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Lero ukangoti thya, anthu onse athamangira kumsana kwako, wina chibwano wakusanjika paphewa: "Tione! Tione!" Kamera ikachedwa kuonetsa chithunzi, amene amaoneka wogona ndi iweyo.

Yangayi anandibweretsera alamu anga kuchokera ku Joni. Ndi ya mtundu uja amati mirrorless, yopanda kagalasi kamkati kamene kamati khwapu m'makamera akale. Inabwera ndi chaja ndi lamba, koma yopanda memori khadi. Ine, pokhala munthu wodziwa kusamala ndalama, ndinazula kamemori m'foni yakale ya mayi a ana n'kukalowetsa mu adapta. Kanakwana bwinobwino. Chinthu chikakwana, ine sindifunsanso mafunso.

Mbiri ya kamera itamveka pachibale, ndinasankhidwa popanda voti kukhala wojambula pa chinkhoswe cha mdzukulu wa apongozi. Anawo anakana zojambulira kuseri kwa nyumba ku Matawale, ati akufuna kuphiri la Zomba, pa Emperor's View, pamene anaima Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965 n'kumasuzumira nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Chapafupi pali Queen's View, pokumbukira mayi wa Mfumukazi Elizabeth amene anafika mu 1957. Akuluakulu awiriwa anangoona ndi maso awo n'kumapita. Ife a Matawale tinati tikachite zoposa pamenepo.

Ndinawandandalitsa onse, akuchimuna uku akuchikazi uku, n'kutsindira batani osachotsa chala, kamera n'kumangoti tatatata. Anthu anachita kuomba m'manja. Kenaka "tione" uja anayamba. Ndinadina kabatani koonetsera zithunzi, sikirini bii. Kanyali kofiira kokha ndiko kankaphethira. Ndinadinanso, ndinagwedeza, ndinapukuta ndi tayi.

Apongozi, amene mwa mwambo salankhula nane maso ndi maso, anatembenukira kwa mwana wawo n'kufunsa mokweza kuti ndimve: "Kodi makina a amuna akowa afa?"

"Auzeni amayi kuti sanafe, akuganiza," ndinatero.

Tsono phiri la Zomba limapitirira mamita 2,000, ndipo nkhungu yake sinena odi. Pamene chithunzi choyamba chinkatulukira, n'kupezeka kuti ankhoswe akuchimuna anali akuyasamula, Chilwa anali atasowa, Mulanje atasowa, ndipo apongozi anali atafunda chitenje kumutu. Zobwereza tinajambulira mu utsi woyera. Mutati munene kuti tinali kukhitchini, palibe angakutsutseni.

Mlanduwu ndinaugamula ndekha tikutsika. Poyamba ndinati ndi kuzizira. Kenaka batire. Pofika pa anyamata ogulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu, ndinali nditatsimikiza kuti alamu anandigulira kamera yotopa, ndipo ndinayamba kukonza mawu owalembera pa WhatsApp. Mayi a ana ndiwo anati ndiyambe ndaonetsa mphwanga amene akuphunzira ku Chirunga, ku yunivesite ija ife akale timangoti Chanco.

Mnyamatayo kamera sanaiyang'ane n'komwe. Anatsegula kachitseko, kusolola khadi, n'kuseka mpaka kukhala pansi.

"Ankolo, kameneka mwakatenga kuti?"

"Kakugwira ntchito."

"Mumadziwa chigayo? Pamwamba mutha kukhuthulira ndowa yonse nthawi imodzi, koma ufa pansi umatuluka pa liwiro lake. Kamera ili ndi kankhokwe kake mkati, amati buffer. Zithunzi zimayamba zadikira m'menemo, n'kumatsikira pa khadi chimodzichimodzi. Makamera ambiri sakuonetsani kanthu mpaka zitatsika."

Kenaka anandiwerengera masamu amene mpaka lero amandiwawa. Alamu anasiya kamera pa RAW, ndipo pa kamera ya mamegapikiselo 24 chithunzi chimodzi chotere chimatha kulemera ma MB 25 kapena kuposa. Kamerayo imaponya zithunzi khumi pa sekondi. Kakhadi kanga ka Class 10 kamangolonjeza kulemba ma MB 10 pa sekondi. Ndiye kuti chala changa chikakhala pa batani sekondi imodzi, apongozi azidikira masekondi 25. Ine chala ndinachigoneka pamenepo mpaka anthu atamaliza kuomba m'manja.

Anati nambala yaikulu imene amalemba pamwamba pa khadi isandinyenge, kawirikawiri imanena za liwiro lowerengera, osati lolembera. Choyenera kuyang'ana ndi V30, kapena chilembo cha U chokhala ndi 3 mkati: amenewo salemba pansi pa ma MB 30 pa sekondi. Aliponso a V60 ndi V90, a mizere iwiri ya timano kumbuyo, koma amathandiza pokhapokha kamera ili yowalandira. Ndipo ena a pabenchi ndi achinyengo, chomata chokha ndicho chimathamanga.

Atalowetsa kakhadiko mu laputopu anapezamo nyimbo za kwaya ya amayi, mavidiyo a ukwati wa munthu amene tonse sitikumudziwa, ndi maulaliki. Anati khadi ya kamera isamakhale nyumba ya lendi: usamutsire zonse pa kompyuta, kenaka uichite fomati m'kamera momwemo. Ngati zithunzi zake n'zongotumizirana pafoni, JPEG ikwana. Usikunso ndisadabwe: ukatsegula shata masekondi khumi, kamera imatenganso ena khumi ikujambula mdima wokhawokha kuti ichotse timadontho, pokhapokha utazimitsa zimenezo mu menyu.

"Chachikulu, ankolo, kanyali kofiira kakamaphethira musamachotse khadi kapena batire. Zithunzi zimawonongeka. Simunachiteko zimenezo eti?"

Ndinamufunsa ngati kusukulu akuwapatsa chakudya chokwanira.

Khadi ya V30 ndinagula, ndipo mtengo umene ndinauza mayi a ana ndi theka la weniweni, komabe anagwira pakamwa. Tsopano kamera ikuthamanga. Loweruka pa ukwati wina ku Botanical Gardens ndinangoti thya, chithunzi chili poyera, anthu asanabalalike n'komwe. Pomwepo anaona onse kuti abusa ndawadula mutu, mkwatibwi watuluka mbuu, ndipo chimene chaoneka bwino ndi mtengo wa kumbuyo. Wina ati fufutani ndanenepa, wina ati bwerezani sindinakonzeke, kamwana kena n'kufunsa ngati kamerayi ndi yangadi. Kale zonsezi zinkadziwika anthu atatopa n'kupita kukadya.

Mwezi wamawa kuli ukwati wa ana a chinkhoswe aja, ndipo apongozi atumiza kale uthenga kudzera kwa mwana wawo kuti wojambula ndine. Kakhadi kakale kaja ndakapempha kwa mphwanga kuti andibwezere.