Pusi Amene Anagwera pa Madola

Mwambi woti "ichi chakoma, icho chakoma, pusi anagwa chagada" unaoneka ngati watha ntchito mu 2022, pamene bungwe la Guinness World Records linatsimikiza kuti Logan Paul, katswiri wa pa YouTube wa ku America, anagula khadi limodzi la Pokémon pa mtengo wa madola 5,275,000. Pokémon ndi tizilombo tongopeka toposa 1,000 timene tinayambira ku Japan mu 1996, ndipo ntchito ya wosewera ndi kutigwira tonse osasiyako ndi kamodzi komwe, lomwe ndi khalidwe lenilenilo limene makolo ankadzudzula mwa pusi.

Khadilo, lotchedwa Pikachu Illustrator, linaperekedwa mu 1998 kwa opambana mpikisano wojambula, ndipo pali chithunzi cha kambewa kachikasu kamene amati kamatulutsa magetsi m'masaya, ngakhale sikanayatsepo babu m'nyumba ya munthu. Mtengo wake unakwera chifukwa kampani ya PSA, imene imapima ngati khadi lapindika kapena lakalika, inalipatsa malikisi 10 pa 10, kutanthauza kuti khadi losewerera limadula kwambiri likakhala kuti palibe analiseweretsapo. Logan Paul analikoleka m'khosi ngati chithumwa, lili lotsekeredwa m'pulasitiki, polowa m'bwalo la masewera ogwetsana a WrestleMania, zimene zikusonyeza kuti pusi wa makono akagwa chagada amagwera pa madola.

Komabe mwambiwu sunafe, wangosamukira kugombe. Ku Mangochi, khoka la maso ang'onoang'ono, nthawi zina losokereredwa neti ya udzudzu, nalonso silisiya kanthu, popeza limakokolola chambo pamodzi ndi kasawala, amene ndi chambo chosakhwima, n'kumuyanika pathandala kuti akagulitsidwe pamulu pamtengo wa ndiwo za tsiku limodzi. Fakitale ikhoza kusindikiza tizilombo tina usiku umodzi, koma nyanja ilibe makina otero, ndipo asodzi a ku Malombe, kumene chambo chinachepa kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anaziona ndi maso.

N'chifukwa chake lamulo lotseka nyanja m'nyengo imene chambo chimaswana liyenera kulemekezedwa ngakhale limaumitsa m'thumba, pakuti pa mfundo imodzi akatswiri a PSA ndi alangizi a zausodzi amagwirizana: chimene manja sanachikhudze msanga ndicho chimadzagulidwa mokwera.