Katoni yanga musaikhudze

Kwathu kuno ku Ndirande tambala ntchito inamuthera kalekale. Chimene chimatidzutsa ndi tsache. Kusanache bwinobwino mumva shwe! shwe! kuseri kwa mpanda, kenaka kwa aneba a kumtunda, posakhalitsa laini yonse yayambapo. Ine khutu langa linazolowera. Ndili m'bulangete momwemo ndimadziwa kuti uyu akusesa ndi mtima wonse, uyu anagona ndi mkwiyo, uyu ndi mwana wotumidwa amene akungokanda pansi kuti amayi ake amve phokoso. Tsache la amayi a Chikondi ndiye sindingalisokoneze ndi lina. Limayambira pakhomo, lizungulira kukhitchini, n'kudzakhazikika pansi pa zenera la kuchipinda kwathu. Pamenepo limalira nthawi yaitali, chonsecho sipagwa tsamba ndi limodzi lomwe.

Udindo wanga pa nthawi imeneyi ndi woyang'anira. Anthu amaupeputsa, koma ntchito iliyonse imafuna kapitawo, ndipo kapitawo wodziwa ntchito sayandikira fumbi. Ndikadzuka ndimaima pakhonde, thaulo lili m'khosi, n'kumayendera ndi maso mizere imene tsache lasiya pabwalo. Ikawongoka ndimagwedeza mutu. Ndikaona khoko la nthochi limene laiwalika ndimaloza ndi chala. Amayi a Chikondi amati chala chimenecho chili ndi abale ake anayi amene angathandizane nacho kutola khokolo, koma amenewo ndi maganizo a munthu amene za utsogoleri sanaziphunzire.

Malamulo a m'nyumba mwathu sanalembedwe paliponse, koma aliyense amawadziwa. Mbale sizigona m'beseni, kaya magetsi azima kaya madzi asiya kutuluka, chifukwa mbale yogona ndi kalata yoitanira mphemvu ndi makoswe. Mpoto wa nsima amauthira madzi akangoomola, nkhoko zisanaume, apo ayi mawa lake munthu aukwecha ndi mchenga mpaka mkono kuwawa. Wodzuka ayale bedi ndi kukweza neti asanafunse za tiyi. Phulusa la m'mbaula lipite kudzala. Nsapato zitsale pakhonde, pakuti pansi anapakapo Cobra, ndipo amene waponda ndi matope a mu Januwale akolope yekha. Lamulo lalikulu ndi lakuti chinthu chikachoka pamalo pake chibwerere pomwepo: mthiko pamsomali wake, lichero pakhoma, machesi pamwamba pa kabati. Amayi a Chikondi angathe kuphika mumdima wa ndiweyani osafunafuna kanthu. Ine makiyi ndimawafuna masanasana, ali m'thumba la buluku limene ndavala.

Malamulo onsewa ndimagwirizana nawo, ndipo ana ndimawalalikira madzulo aliwonse tikamadya. Limene tinasemphana ndi limodzi lokha, lakuti chinthu chikatha ntchito chituluke m'nyumba. Tsono amadziwa ndani kuti chinthu chatha ntchito? Chimalemba kalata yopuma?

Pansi pa bedi lathu pali katoni. Muli nsimbi yamagetsi imene inasiya kutentha Chikondi ali kumsana, yomwe chigwiriro chake ndinamanga ndi tepi wofiira. Muli wailesi ya Nzeru ya malemu agogo, makaseti a Alleluya Band ndi a Lucius Banda amene poimbira palibe, matchaja a mafoni amene anabedwa kale m'minibasi, chubu cha njinga, makiyi a nyumba ya ku Bangwe imene tinasamukamo, waya, misomali yokhota, ndi masokosi amene anzawo anapita osatsanzika. Amayi a Chikondi amati zinyalala. Ine ndimati ndi nkhokwe, ndipo nkhokwe saiseka nthawi ya masika.

Nkhondo inakula tsiku limene Chikondi anabwera ndi foni m'manja. "Adadi, taonani amayi awa." Anali Marie Kondo wa ku Japan, uja analemba buku la kakonzedwe ka m'nyumba limene anthu mamiliyoni anagula, mpaka mu 2019 Netflix n'kuyamba kuonetsa pulogalamu yake. Njira yake ndi yakuti munthu aunjike pamodzi zinthu za mtundu umodzi, kuyambira zovala, kenaka mabuku, mapepala, zina ndi zina, n'kumalizira zachikumbutso. Chilichonse achigwire m'manja n'kudzifunsa ngati chikumusangalatsa mumtima. Ngati sichikutero achithokoze chifukwa cha ntchito imene chagwira, n'kuchitaya.

Amayi a Chikondi, amene nthawi zonse amati za pafoni n'zabodza, tsiku limenelo anakhulupirira msanga.

Loweruka lake ndinayala mkeka pabwalo n'kukhuthulirapo zonse. Ndinatsatira malangizo mwaulemu. Ndinagwira nsimbi, mtima n'kuti myaa. Ndinagwira chubu cha njinga, chimwemwe n'kusefukira. Makiyi a ku Bangwe anandikumbutsa alandilodi amene ankabwera kudzafunsa lendi pa 25, ndipo poti makiyiwo anawafunafuna osawapeza, palibe chinthu china pamkekapo chimene chinandisangalatsa kuposa amenewo. Dzuwa lisanafike paliwombo zonse zinali zitapambana mayeso. Ndinazibweza m'katoni mwadongosolo, n'kutsalanso malo oikapo zina.

Ndisanamizire mayi wa ku Japan uja, nzeru zake n'zabwino kwa anthu ake. Iye amathandiza anthu amene katundu wawachulukira moti akusowa poponda. Koma inu mukuganiza kuti zovala zimene anthu a kunja amatulutsa m'nyumba zawo zimathera kuti? Zambiri zimamangidwa m'mabelo, ziwoloka nyanja, n'kudzatipeza ife pakaunjika mumsika wa Limbe. Jekete langa la kutchalitchi mwina analithokoza kale kwinakwake, ena n'kulira pang'ono politsanzika. Ndiye inenso ndilithokoze kachiwiri? Lingayambe matama. Kuno chinthu chimafa pang'onopang'ono. Shati ikatha kolala imatsika n'kukhala ya kumunda, ikang'ambika isanduka chokolopera, ndipo mabatani ake amakhala atasungidwa kale m'kachitini. Botolo la zakumwa limadzagulitsa thobwa. Tayala limabala nsapato ndi mphira zomangira katundu panjinga. Majumbo amasungidwa m'jumbo linzawo kuseri kwa chitseko mpaka ana atawakulunga mpira. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, nkhani n'kumangolowa ndi kutuluka m'makhoti, koma jumbo lathu la kuseri kwa chitseko silinachepepo thupi. Limenelo ndi la amayi a Chikondi, ndiye silitchedwa zinyalala.

Nditaona kuti njira ya Kondo ili m'manja mwanga, ndinaganiza zoitembenuzira kwa amene anaikhulupirira. Pabalaza pathu pali kabati yagalasi. M'menemo muli mbale zamaluwa, makapu a milomo yagolide ndi matambula amene tinalandira paukwati. Amazipukuta sabata iliyonse, koma palibe anadyerapo. Ife eni nyumba timamwera tiyi m'makapu apulasitiki amene mtundu wake unasuluka. Akuti zimenezo n'za alendo, komatu alendo akabwera amawayang'ana kaye, n'kuona kuti awa si alendo ake a mbale zimenezi. Ngakhale abusa sanakwanepo.

Ndinatsegula kabatiyo, ndinyamula kapu imodzi. "Mayi a Chikondi, tanenani zoona pamaso pa ana. Kapu iyi imakusangalatsani?"

"Kwambiri," anayankha osatembenuka. "Makamaka ikakhala kuti sili m'manja mwanu."

Ndinaibwezera pamalo pake ndi manja awiri.

Pasakhale wina woganiza kuti ine ndi tsache sitidziwana. Mu Novembala 2020, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, atakhazikitsa tsiku losesa dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, ine ndinali m'gulu la oyambirira kutuluka. Ndinabwereka magambutsi ndi fosholo, n'kukaima m'ngalande ya pamsewu, malo amene aliyense wodutsa angandione bwino. Ndinatuluka thukuta lenileni. Pobwera kunyumba ndinavulira magambutsiwo pakati pa khomo, n'kudziponya pasofa osachotsa chidoyilo.

"Bambo a Chikondi, kani mumatha? Nanga tsache la m'nyumba muno limakuwotchani m'manja?"

Ndinawafotokozera modekha kuti ija inali ntchito ya dziko. Anandiuza kuti kuseri kwa khitchini yathu ndi dziko lomwelo, malire sanadutsepo.

Katoni yanga inaona tsiku lake la ulemerero nthawi ya kolera ija ya 2022 ndi 2023, imene inatenga miyoyo ya anthu oposa 1,700. Pamenepo panalibe choseketsa. Alangizi a zaumoyo ankayenda khomo ndi khomo kufunsa chivindikiro cha pachimbudzi, dzenje la zinyalala, thandala la mbale ndi posambira m'manja. Zinazo amayi a Chikondi anali nazo kale, ndipo anayankha mafunso onse manja ali m'chiuno. Chimene chinkasowa ndi mpondagiya. Ndiye anafunika waya, chingwe, msomali woboolera kachigubu. Munthu akanazipeza kuti zonsezi madzulo a Lamulungu? Ndinakoka katoni pang'onopang'ono kuti aliyense amve kukhwekhwereza kwake. Ndinazika mitengo iwiri, wina kupingasa, kachigubu kulendewera, ndodo yoponda pansi. Sopo ndinamumangirira pachingwe kuti khwangwala asatenge.

Umagwira ntchito mpaka lero. Kungoti ukaponda ndodo madzi sathira m'manja mokha. Amadumpha n'kufika pabuluku, malo amene munthu wamkulu amavutika kufotokoza akamabwera kuchokera kuchimbudzi. Ana anaphunzira kuponda ataima chammbali. Alendo timawasiya aphunzire okha.

Kunena za alendo, palibe chimene chimakonza nyumba msanga kuposa "Odi!" wa apongozi. Mawuwo akangomveka kugeti, m'nyumba mumadutsa kamvuluvulu. Wina wanyamula zovala za pampando, wina makope a sukulu, wina wapukuta tebulo ndi siketi. Zonse zimaponyedwa kuchipinda cha ana, chitseko n'kuchikankha ndi phewa. Ntchito yanga ndi kuwachedwetsa panja, ndipo imeneyi ndiye ndimaidziwa. Ndimafunsa za mvula kumudzi, za mtengo wa feteleza, za mbuzi imodziimodzi ndi ana ake. Chodabwitsa n'chakuti apongozi pabalaza sayang'anapo n'komwe. Amati akufuna kusamba m'manja, azungulira kuseri, aima pathandala, n'kutembenuza mpoto kuti aone kunsi kwake. Mpoto wa mwana wawo umakhala ukuwala. Kenaka maso amatsikira kumiyendo ya thandala, imene ndinazika ine. "Apongozi, limeneli likupita kuti?" Ndimayankha kuti ndinalipendeketsa dala kuti madzi azitsetsereka.

Mu 2023 kunamveka nkhani imene ndinaidikira nthawi yaitali. Marie Kondo yemwe uja anavomera poyera kuti chibadwire mwana wake wachitatu nyumba yake sikhalanso yakonzekonze monga kale, ndipo wasankha kumacheza ndi ana m'malo molimbana ndi katundu. Ndinamuuza Chikondi awerenge mokweza, abwerezenso, amayi ake ali pomwepo akusankha nyemba. Ndinatsokomola pang'ono, n'kunena kuti ngati mwini wake wa chiphunzitso wabwerera m'mbuyo, ife akumpingo wa kunthambi tikulimbikira chiyani.

"Iwowo ali ndi ana atatu," anatero amayi a Chikondi, maso ali palichero. "Ine atatu omwewo ndili nawo, kuphatikizapo wina wandevu amene sakukula. Kwezani miyendo ndisese."

Ndinakweza, poti m'banja pamafunika kugwirana manja.

Chichokereni tsiku limenelo nkhani ya katoni inazizira. Saitchulanso. Ndikalowa kuchipinda ndimapeza ili pamalo pake, yopukutidwa bwino pamwamba, ndipo masiku ano ndikaikoka sindimvanso msana monga kale, chizindikiro chakuti mphamvu zikubwerera m'thupi. M'nyumba muli bata. Ndiwo nazonso zasintha: pakati pa mwezi, nthawi imene tinazolowera bonya, mwadzidzidzi patebulo pamapezeka mazira. Ndikafunsa amati Mulungu amadyetsa ana ake.

Dzana ndikuchokera kuntchito ndinakumana ndi anyamata aja oyenda ndi wilibala ndi sikelo, ogula zitsulo zakutha. Pamwamba pa katundu wawo panali nsimbi yamagetsi yofanana ndendende ndi yanga. Mtundu womwewo, kupsa kwa kunsi komweko, ngakhale tepi wofiira pachigwiriro. Ndinadziwa kuti m'tauni muno muli munthu wina woganiza bwino, kungoti anafooka msanga. Nzeru inandibwerera pomwepo: nsimbi ziwiri zakufa, mmisiri wabwino atulutsamo imodzi yamoyo. Tinanenerera mtengo, anyamatawo anali ouma mtima, koma pomaliza ndinawagonjetsa.

Nditafika nayo kunyumba amayi a Chikondi anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti ndagula zingati. Nditatchula anagwira pakamwa, aitana Chikondi, onse awiri n'kulowa kukhitchini, kumene ndinamva ngati wina watsamwa madzi. Ine ndinapita nayo kuchipinda. Yakale ija sindinaione msanga, katoniyo ndi yakuya, ndiifufuza bwino Loweruka. Koma yatsopanoyi inakwana pakona pake ngati anachita kuyeza.

Anyamatawo ndinawapatsa nambala yanga. Akuti sabata yamawa, zikayenda bwino, abwera ndi wailesi ya Nzeru.