Agogo a matimu onse ndi anansi awo a kutsidya

Mukafika mumzinda wa Nottingham ku England, musafulumire kufunsa sapota wa Notts County kuti timu yake ili pa nambala chani mu ligi. Inu mwafunsa mapointi, iye akuyankhani chaka: 1862. Ndicho chaka chomwe timuyi idabadwa, ndipo mwa matimu a osewera olipidwa palibe ina padziko lonse yoiposa zaka. Mukamufunsa kuti nanga dzulo mwatha bwanji, yankho ndi lomwelo, kungoti tsopano amalitchula mokweza mawu.

Vuto lake ndi anansi. Bwalo la Notts, Meadow Lane, lomwe akhala akusewerapo kuyambira 1910, lili tsidya lino la mtsinje wa Trent. Tsidya linalo, ulendo wa mphindi zochepa wapansi, kuli bwalo la Nottingham Forest. Forest idabadwa 1865, ndiye kwa a Notts ndi kamwana kadzana. Koma kamwanako kadapita kukatenga chikho cha ku Ulaya kawiri motsatizana, mu 1979 ndi 1980, mphunzitsi ali Brian Clough. Masapota a matimu awiriwa amakwera basi imodzi, amagwira ntchito ofesi imodzi, ena adakwatirana kumene. Chikhala kuti a Forest amatukwana, bwenzi zili bwino, munthu ukadabwezera. Koma iwo amamva chisoni. Amakugwira paphewa Lolemba m'mawa n'kunena mwaulemu kuti, "Pepanitu achimwene, ine timu yanu ija ndimaifunira zabwino." Palibe chipongwe chowawa kuposa chimenechi m'tauni yonseyo.

Loweruka, mdala amatenga mdzukulu wake kupita naye kubwalo, sikafu yakuda ndi yoyera m'khosi, tiyi wotentha m'manja. Mpira usadayambe wayamba kale kudandaula: woyimbira ndi wakhungu, goloboyi ndi wamantha, mtengo wa tikiti ndi umbava. Koma mlendo ayerekeze kunena zomwezo, aona mbonaona.

"Agogo, kodi ife tidatengako chikho?"

"Iwe, chikho cha FA chenichenicho! Bolton Wanderers tidaisambitsa chokweza, 4-1, Jimmy Logan yekha kumwetsa zigoli zitatu."

"Inu mudalipo?"

Apa mdala amayamba kaye wapemerera tiyi, chifukwa nkhaniyi ndi ya 1894. Ngakhale bambo ake sadaione. Koma amati "tidaisambitsa" ngati kuti thukuta lake silidaume.

Akaona kuti mwana sakukhutira, amatulutsa nkhani ya malaya. Juventus ya ku Italy inkavala zapinki, mpaka mu 1903 pomwe idalandira yunifomu ya mizere yakuda ndi yoyera kuchokera ku Nottingham, yofanana ndi ya Notts. Sapota wa Notts amaonera Juventus pa kanema ngati mayi yemwe adabwereka mnansi chitenje n'kumuona ataoneka nacho bwino paukwati kuposa mwini wake. Kunena zoona, a ku Turin sadaiwale: potsegulira bwalo lawo latsopano mu 2011 adaitana Notts County, masewero n'kutha 1-1. Kufanana mphamvu kumeneko kumakambidwa m'mabala a Nottingham mpaka lero, ndipo mowa ukalowa kwambiri kumayamba kumveka ngati kupambana.

Nkhani yomwe mdala amailumpha ndi ya 2009. Chaka chimenecho kudabwera eni atsopano, a Munto Finance, ndi malonjezo a ndalama zosawerengeka. Timu ili mu ligi yachinayi, adabweretsa Sven-Göran Eriksson, yemwe adaphunzitsapo timu ya dziko la England, kuti akhale mkulu woyang'anira zampira. Kasper Schmeichel adaima pagolo. Sol Campbell adasaina mgwirizano wa zaka zisanu, n'kusewera masewero amodzi okha ku Morecambe, kugonja, kenako n'kulongedza. Miyezi ingapo imeneyo anthu ankayenda motukumuka, ena n'kumayamba kuwamvera chisoni a Forest. Ndalama zija sizidaoneke. Lero mukafunsa, aliyense amati iye adaziona kale kuti n'zabodza, ndipo simungapeze ndi mmodzi yemwe mwa anthu adavina aja.

Kenako 2019 idafika. Timu yomwe idali m'gulu la matimu 12 oyambitsa Football League mu 1888 idatsika n'kutulukamo, koyamba m'mbiri yake. Idatha zaka zinayi ikuyendera timabwalo ta m'matauni ang'onoang'ono. Mu 2023 idasonkhanitsa mapointi 107, omwe m'zaka zonse za m'mbuyomo akadakwana kuibwezera mu Football League n'kutsalako, koma Wrexham, yogulidwa ndi akatswiri a mafilimu a ku Hollywood, idapeza 111. Ndi Notts yokha ingakhoze mayeso chonchi n'kuuzidwa kuti ilembenso.

Idalembadi ku Wembley, pokumana ndi Chesterfield. Idatsalira ndi chigoli chimodzi pafupifupi masewero onse, n'kudzabweza kutatsala mphindi zochepa, kenako n'kupambana pa mapenate zitathera 2-2. Mdala wathu, yemwe kuyambira mphindi yakhumi ankauza aliyense womuyandikira kuti zatha basi, anyamatawa alibe mtima, bola akadatsala kunyumba, adatuluka m'bwalomo akulengeza kuti iye sadakayikepo. Lolemba lake, mnansi wa Forest uja adamudikirira pageti ndi khadi la mafuno abwino, losainidwa ndi banja lonse.