Safunsa wa masiku ano akusisita galu wa eni

Makolo anati safunsa anadya phula. Mkulu ameneyu anapatsidwa chisa cha njuchi, manyazi a kufunsa anamugwira, ndiye anatafuna phula n'kusiya uchi. Ambiri timaganiza kuti anamwalira kalekale. Ayi ndithu, ali moyo. Lero amavala jinzi, ali ndi foni ya kamera, ndipo tsiku la msika ku Molumbo mumamupeza atatambasula dzanja kulunjika pamutu pa galu amene sakumudziwa ngakhale dzina.

Sikuti amasisita galu aliyense. Galu wa pamudzi, uja wa nthiti zowerengeka, amene amalondera nkhokwe usiku n'kuthamangitsa anyani kumunda, Safunsa akamuona amawerama kutola mwala n'kukuwa kuti, "Choka!" Koma chichokereni Molumbo m'manja mwa Milange n'kukhala boma palokha mu 2013, alendo sasowa, ndipo ena amabwera ndi agalu achizungu. Ingofikani nyengo ya nandolo ndi soya. Wogula mbewu akaimika galimoto yake kuchokera ku Milange kapena ku Gurué, kumbuyo kuli German Shepherd makutu ali njo, msika wonse umasanduka abale a galuyo. Wina akuimba mluzu, wina akumutcha Rex, wina wapatsa kale mnzake foni: "Achimwene, tandijambulani ndili naye. Ine agalu amandikonda."

Chimene chimatipusitsa n'chakuti nkhopeyo tinaiona kale. Tinaiona m'mafilimu ikununkhiza mapazi a mbava, tinaiona pa Facebook ikusewera ndi khanda la mzungu. Ndiye timayesa kuti tikudziwana. Tsoka lake, galuyo sanaonereko filimu ya ife.

Safunsa akanafunsa, akanamva mbiri ya mlendo wakeyo. Mtundu wa German Shepherd anaukhazikitsa ndi msilikali wa ku Germany, Max von Stephanitz, mu 1899, kuti uziweta nkhosa, kenaka apolisi ndi asilikali anaulemba ntchito yogwira anthu. Boerboel, amene ochokera ku Joni amamutama, anawetedwa kuti azilondera mapulazi a ku South Africa, ndipo wamphongo akakhwima amalemera kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Rhodesian Ridgeback, uja wa mzere wa ubweya wobwerera m'mbuyo pamsana, maonekedwe ake anawalemba m'kaundula ku Bulawayo mu 1922, ndipo makolo ake ankaimitsa mkango mpaka mlenje afike. Mdzukulu wa oimitsa mkango ndi amene Safunsa akufuna kumukoka khutu kuti ayang'ane kamera.

Chodabwitsa n'chakuti mwambo timaudziwa. Pakhomo pa munthu sitilowa osanena odi. Njinga ya mnzathu sitikwera osapempha. Mwana wa eni sitinyamula mayi ake asanavomere. Koma galu wa mano 42 timamufikira kumaso, kumuyang'ana m'diso, dzanja lili m'mwamba. Kwa galu, kuyang'anitsitsa koteroko n'kuputa ndewu, ndipo dzanja lotsika pamutu ndi chibonga chimene chikubwera. Mchira ukamagwedezeka sindiye kuti akukulonjerani. Nthawi zina akungoganizira pogwira. Galu womangidwa, galu amene akudya, wa ana aang'ono, ndi amene wasiyidwa kuti alondere ndalama za nandolo m'galimoto, onsewa ali pantchito. Kodi mlonda wa kubanki munayamba mwamusisita m'mutu?

Apa tileke kaye kuseka. Chiwewe sichisankha kuti uyu ndi wachizungu, uyu ndi wachikuda. Bungwe la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, makamaka mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa galu. Zizindikiro zikangoyamba, pafupifupi aliyense amamwalira. N'chifukwa chake kutsidya kwa malire a Muloza, ku Blantyre, a bungwe la Mission Rabies anayamba mu 2015 kubaya agalu katemera, cholinga chili chofikira agalu 70 mwa 100 aliwonse, ndipo pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse limakumbutsana za matendawa. Galu akakulumani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Kutentha ubweya wa galuyo n'kupaka pabala ndi kudya phula lachiwiri.

Tsono kufunsa kwake n'kotani? Yambani ndi mwini wake: "Zikomo bambo, ndingamugwireko galu wanuyu?" Akakana, thokozani n'kumapita. Musavutike ndi funso lakuti kodi amaluma, pakuti chilengedwere dziko palibe mwini galu amene anayankhapo kuti inde. Onse amati, "Saluma ameneyu, amangosewera." Funsani lakuti anabayidwa liti katemera. Mukatero funsani mwini mano: imani cham'mbali, dzanja pansi, mumulole akununkhizeni. Akatembenuza mutu, wayankha.

Safunsa zonsezi alibe nazo ntchito. Madzulo mumamupeza pabwalo la amfumu, dzanja lili m'nsalu, buluku litang'ambika poipa, akufuna chipepeso. Amfumu amamvetsera mofatsa, kenaka amafunsa funso limodzi lokha: "Kodi bambo, galu ndiye anabwera kwa inu, kapena inu ndinu munapita kwa galu?" Mboni sizisowa, chifukwa mnzake uja anajambula zonse, ndipo pofika nthawi imeneyo kanemayo wafika kale ku Mulanje pa WhatsApp. Safunsa amabwerera kwawo wopanda chipepeso, ali ndi ngongole ya nkhuku yolipira bwalo.