Uzungu wanga umatha pa 15

Tsiku lolandira malipiro ndimadzuka ndili mzungu. Ndikangoponda pamsika, anyamata a majumbo amandilimbirana: "Azungu anga, tikunyamulireni!" Pofika pa 15 anyamata omwewo amandilambalala ngati chitsa. Khungu ndi lomweli, lakuda bii ngati kunsi kwa mphika. Chimene chasuluka ndi thumba.

Ndinadandaulira mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira sayansi kuyunivesite ndipo masiku ano sangamwe tiyi osatchula majini.

"Amalume," anatero, "anthu awiri alionse padziko pano amafanana DNA pafupifupi 99.9 peresenti. Kuda kwanuku ndi melanin chabe, ambulera imene makolo anu anakusiyirani chifukwa cha dzuwa. Ndipotu ife a mu Africa timasiyana majini tokhatokha kuposa anthu a kwina kulikonse."

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Ine sayansi ndinasiyana nayo pa Fomu 2, mosatsanzikana.

Kenaka anandiuza za ku South Africa. Mu 1950 boma la tsankho linakhazikitsa lamulo loti munthu aliyense alembedwe mtundu wake. Koma poti magazi sanena kuti uyu ndi mzungu, akuluakulu a boma akasokonezeka ankatenga pensulo n'kuizika m'tsitsi la munthu. Ikagwa, wakwera. Ikakakamira, pepani. Abale a bere limodzi ankatha kutuluka muofesi ali mitundu iwiri. Anthu a ku Japan, poti ankagula chitsulo chambiri, anapatsidwa uzungu waulemu popanda pensulo n'komwe. Ndiye kuti anyamata a majumbo aja sanayambe okha.

Apa mtima unadumpha. Inu amene mumandidziwa mukudziwa kuti tsitsi linandithawa kalekale, dazi langa ntchentche imaterereka. Ndinathamangira m'chikwama cha mwana wanga, n'kusolola pensulo yolumidwalumidwa kumapeto, n'kuiika pamutu. Sinachedwe. Inagwa, n'kugubudukira pansi pa kabati. Ndinayesanso kachiwiri, poti sayansi imafuna kubwereza. Inagwanso.

Tsoka lake lamulolo linathetsedwa mu 1991, ine ndisanakatenge setifiketi yanga.

Ndili chigwadire kusakasaka pensulo ija, mayi a kunyumba anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Azungu," anatero, "mukamaliza zimenezo, ufa watha."

Linali tsiku la 17.