Thanki Yopanda Madzi ndi Dishi Yanga

Okonda malo osangalalira a kampani ya Disney ali ndi mkangano wosatha: kodi chinthu chachikulu chomwe amaimika pamalo aliwonse ngati chizindikiro chimanena zoona za malowo? Ine, munthu amene ndege ndimangoiona ikudutsa pamwamba pa denga, ndalowererapo, chifukwa bando ya usiku ndi yotchipa ndipo maganizo salipiritsa.

Disneyland ya ku Anaheim, California, inatsegulidwa mu 1955. Chizindikiro chake ndi nyumba yachifumu ya Sleeping Beauty, yotengera maonekedwe a Neuschwanstein ya Mfumu Ludwig II ku Bavaria. Pachithunzi imaoneka ngati ikukanda mitambo, chonsecho ndi yotalika mamita 23 okha. Amisiri anachita ukathyali: miyala ya pakhoma ndi mawindo zimanka zichepa kumtunda, diso n'kunamizika. Imeneyi sindiizenga mlandu. Malo ogulitsa nthano akakulandirani ndi bodza lokoma, ndiye kuti akuuzani zoona za malonda awo.

Ku Florida, EPCOT inatsegulidwa mu 1982 ndi chimpira chasiliva chotchedwa Spaceship Earth, chotalika mamita pafupifupi 55. M'kati mwake mumakwera tingolo n'kumaona mbiri ya mmene anthu akhala akutumizirana mauthenga. Kunja nzeru, m'kati nzeru. Koma pokondwerera chaka cha 2000 anachimangirira dzanja la Mickey Mouse litagwira kandodo kamatsenga, ndipo anthu anang'ung'udza mpaka linachotsedwa mu 2007.

Animal Kingdom, ya mu 1998, ili ndi Tree of Life, chimtengo cha mamita 44 chooneka ngati mlambe, chomwe anasemapo nyama zoposa 300. Mafupa ake ndi zitsulo za nsanja yokumbira mafuta m'nyanja, masamba ake ndi opanga. Mwana wa ku Salima akhoza kuima pansi pake tsiku lonse ndi mwala m'manja, osagwetsa dambe ngakhale limodzi. Komabe ukangouona umadziwa kuti wafika kwa nyama, ndiye ntchito yake waigwira.

Amene ndimawamvera chisoni ngati abale anga ndi a Hollywood Studios. Malowa anatsegulidwa mu 1989 ndi dzina loti Disney-MGM Studios, ndipo ankajambulirako mafilimu enieni. Chizindikiro chinali Earffel Tower, thanki yamadzi yovala makutu a Mickey, imene sinasungepo madzi ngakhale dontho. Ntchito yojambula itayamba kuzilala, mu 2001 anaimika chisoti chachikulu chamatsenga cha mu filimu ya Fantasia, mamita 37, n'kutchinga nyumba yokongola yooneka ngati yoonetsera mafilimu yomwe inali kumbuyo kwake. Pansi pa chisoticho pankagulitsidwa timabaji. Dzina la malowo linasintha mu 2008, chisoti chinagwetsedwa mu 2015, thanki inatsatira mu 2016. Vuto silinali chisoti ayi. Malowo anali ataiwala ntchito yawo, ndipo munthu woiwala ntchito yake amangosinthasintha zovala.

Ndikunena izi ngati katswiri, chifukwa nanenso ndili ndi chizindikiro. Kudera kwathu nyumba zilibe manambala, ndiye munthu akafunsa njira ya kwathu amauzidwa kuti, "Mukafika pachigayo khotani kumanzere, muona nyumba ya dishi yaikulu." Dishiyo ndinaigula kwa mnzanga amene ankasamuka. Ndinakwera ndekha padenga n'kuimanga, ana a m'dera lonse akuwomba m'manja. Imayang'ana kumwamba molimba mtima ngati ikulankhula ndi mayiko akunja. Chingwe chake chimatsika bwinobwino pakhoma, kulowa pawindo, n'kukathera kuseri kwa kabati, komwe kulibe kanthu. Dikoda ndidakali kuisungira ndalama.

Tsiku la mpira anzanga amabwera ndi chiyembekezo, ena atanyamula mtedza. Ndimawalandira ndi ulemu wonse, ndimasuzumira kumwamba, ndimapukusa mutu n'kunena kuti mitambo yasokoneza netiweki. Tsiku lina kunalibe mtambo ndi umodzi womwe, ndiye ndinanamizira dzuwa. Mpirawo tinaumvera pa wailesi, tonse titayang'ana TV yozima.

Mayi a kunyumba alibe nazo chidwi zizindikiro. "Bambo, tsitsani chimbalecho ndiziyanikapo mfutso, mwina chingatidyetseko."

"Mayi, mukatero alendo azitipeza bwanji?"

"Alendo akewo amabwera ndi chiyani? Ngati mukufuna chizindikiro chonena zoona, kwezani mbaula padengapo. Ndi yokhayo imagwira ntchito tsiku lililonse m'nyumba muno."

Ndinakhala chete, chifukwa mfundo yawo ndi yomwe ija ndakhala ndikuwaphunzitsa a Disney usiku wonse pafoni.

Koma ndisaname, alipo munthu mmodzi amene chizindikiro changa chinamugwira mtima. A landilodi anabwera kumayambiriro kwa mwezi, anaima pabwalo, n'kuyang'ana padenga nthawi yaitali. Kenako anandigwira chanza ndi manja awiri, akuti akunyadira kukhala ndi munthu wotukuka pamalo pawo. Lendi akweza kuyambira mwezi wamawa.